Zenera la Nasingano

Mumsewu wawo monse ankamudziwa ndi dzina loti Nasingano. Anamutcha choncho ndi azakhali ake amene anamulera, chifukwa ali kamtsikana ankayenda ndi singano yobaya pakolala kulikonse, ngakhale pomutuma kukagula sopo. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo pagulu sankayankhula. Munthu akamamuyankhulitsa, iye ankayang'ana paphewa, osati kumaso. Anthu ankati ndi manyazi, ndipo analidi manyazi, koma m'manyazi momwemo ankakhala atamuyeza kale munthuyo: phewa liti ndi lotsika, khosi ndi lalitali bwanji, diresi lavalidwalo likukoka pati.

Azakhali aja maso atayamba kuchita chifunga anamupatsa makina awo opalasa ndi phazi, n'kumupatsanso mawu. "Mwanawe, telala amasoka ndi kuwala. Nyumba iliyonse udzalowe, uyambe wapeza zenera. Za mwamuna uziona pambuyo."

Anapeza zonse ziwiri. Nyumba inali yaing'ono, chipinda chogona, pabalaza, ndi kampata kamdima kopita kubafa, koma pabalazapo panali zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Makina anawaika pomwepo. Dzuwa linkagwera pansalu kuyambira m'mawa mpaka kupendeka, ndipo chikwangwani sanachifune, chifukwa phokoso la makina linkaitana lokha. Amayi odutsa ankaima, kusuzumira, kenako n'kuyamba kupatsira nsalu pazenera pomwepo. Mmodzi wa iwo anali mayi wamkulu wa sukulu ya kumapeto kwa msewu, amene onse ankangomuti Ahedi. Ahedi akavala chinthu, aphunzitsi ankafunsa wasoka ndani, ndipo aphunzitsi akafunsa, makolo ankamva.

Mwamuna wake anali wokonza mapaipi, munthu wa manja okhakhala koma wofatsa. Mowa ayi, akazi ayi. Anzake a Nasingano ankati, "Iwe unachita kusankha masana." Koma munthu sasowa chilema. Chake chinali gemu ya pakanema yotchedwa Mlonda wa Zipata, imene ankasewera ndi mng'ono wake ali anyamata. Ankaifotokoza ngati mudzi umene anakuliramo. Ndiye tsiku lina opanga gemuyo analengeza kuti kukubwera gawo lachiwiri, n'kutulutsa kakanema kotsatsa: msilikali wa mwinjiro wakuda ali pahatchi, zipata zotalika ngati mapiri, ndipo kuseri kwa chipata chomaliza kukusuzumira chilombo cha maso amoto. Bamboyo anakaonera kakanemako pafoni mpaka kuloweza, n'kulumbira pamaso pa anzake kuti sameta ndevu kufikira gemuyo itatuluka.

Gemu inachedwa. Ankati mwezi wamawa, kenako chaka chamawa, kenako tikukonzabe. Nasingano anaima, anachira, mwana anayamba kukwawa, mano anatuluka, gemu osatuluka. Ndevu zokha ndi zimene zinkasunga lonjezo. Zinatsika mpaka pachifuwa, mwana ankazigwira poyimirira, ndipo dzina lake lakale linafa. Aliyense, mpaka makasitomala ake, ankangoti Ndevu.

Tsiku lenileni litadziwika, Ndevu anabwera ndi mng'ono wake uja, dalaivala wa basi, atanyamulizana chikanema chachikulu ngati chitseko. Anazungulira nacho pabalaza, kuyesa apa, kuyesa apo, mpaka anaima pamene panali makina.

"Mayi a mwana, soketi yabwino ndi iyi yokha. Komanso kuwalaku kumaononga chithunzi, pafunika katani yochindikala. Makinawa tingowasunthira pakampata."

Nasingano anayang'ana paphewa la mwamuna wake. "Pakampata mulibe zenera, bambo ake."

"Muli babu. Ndi zakanthawi chabe."

Mng'ono wake uja, mlamu wa Nasingano, anaseka. Iye ndi Nasingano ankaserewulana kuyambira tsiku la ukwati, ndipo ndi munthu yekhayo amene Nasingano ankamuyankha mosaopa. "Alamu, musalole! Kanthawi ka achimwene mukukaona pachibwano pawo. Auzeni alumbire."

"Ndilumbira, nanga ndikuopa chiyani?" anatero Ndevu, dzanja lili pachifuwa, m'kati mwa ndevu. "Tsiku limene ndidzamalize gemuyi, makina adzabwerera pazenera, ndipo ndidzawanyamula ndi manja angawa. Iwe ndiwe mboni."

"Ndamva ndi makutu onse awiri," anatero mlamu.

Katani ija anasoka yekha Nasingano. Nsalu itatsala, Ndevu anamupempha kuti amusokerenso mwinjiro ngati wa msilikali wa mugemu, woti adzavale tsiku loyamba. Anasoka, kolala yoima, mpendero wowongoka, chifukwa ntchito yonyansa manja ake sankaidziwa. Atapachika katani, pabalaza panachita mdima wa bii masanasana, ndipo amayi odutsa mumsewu anayesa kuti telala wasamuka.

Gemu itafika, m'nyumba munadzaza anzake a Ndevu, ena pampando, ena pansi. Mwiniwake anakhala pakati atavala mwinjiro, m'manja muli padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera. Nasingano anaima pakhomo la kampata mwana ali kumsana, poti naye ankafuna kuona chinthu chimene chinamulanda dzuwa.

Poyamba panabwera kudikira. Kamzere kankayenda pakanema ngati nkhono, tiyi anazizira m'makapu. Kenako msilikali anatulukira, onse anakuwa, koma msilikaliyo atatembenuka kukuwako kunadukira pakhosi. Nkhope inalibe. Panali maso awiri ndi mano basi, zikulendewera m'malere pansi pa chisoti. Patapita kamphindi nkhope inabwera yokha ngati yachedwa basi. Ndevu anamukweza pahatchi, hatchi inathamanga pang'ono, n'kulowetsa mutu m'khoma, n'kukanirira momwemo, miyendo yakumbuyo ikupalasa.

"Achimwene," anatero mlamu, "hatchiyi ikufuna wokonza mapaipi. Yatsekeka."

Anthu anaseka, Ndevu sanaseke. "Simudziwa magemu inu. Koyambirira kumakhala chonchi. Kutsogolo n'kumene kumakoma."

Mawu amenewo anakhala nyimbo ya m'nyumbamo. Masiku oyamba ankasewera akaweruka, akutukwana chapansipansi. Kenako anayamba kumangoyatsa, kuyang'ana hatchi ili m'khoma, n'kuzimitsa. Kenako analeka n'kuyatsa komwe. Ankapukuta fumbi pakanema, kuwongola katani, n'kukhala pampando kumaonera mpira pafoni. Ndevu sanamete, ankati adzameta akamaliza. Kwa anzake ankanena zina. Nasingano ankamumva panja akuyankha foni: "Ndili kutali, amwene. Zimene ndikuona kuno simungazimvetse. Inu munafulumira kutaya mtima."

Tsiku lina Nasingano analimba mtima. "Bambo ake, ngati gemuyi yakukanikani, bwanji makina aja..."

"Yandikanika ndani? Gemu yabwino sathamangira. Kodi ndamaliza?"

"Ayi."

"Ndiye tinagwirizana chiyani?"

Apo m'pamene anazindikira kuti lumbiro lija linali msampha, ndipo wakodwamo ndi iye. Mwamunayo sakanamaliza, komanso sakanavomera kuti chimene anachidikira nthawi yonseyi chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuvomera kukanatanthauza kuti ndevu zonse zija anasungira mphepo.

Pakampata babu linali lachikasu, lofooka. Kuti alowetse ulusi pasingano ankachita kupita kukhomo. Madzulo maso ankalasa ngati mwalowa mchenga. M'masiku omwewo Ahedi anabweretsa nsalu yobiriwira, yosalala, yoti asokere diresi la tsiku lopereka mphatso kwa ana kusukulu, pamene iwo akaime kutsogolo kwa makolo onse. Nsalu ya mtundu umenewo ili ndi kumaso ndi kumsana. Padzuwa mwana yemwe akhoza kusiyanitsa, kwina kumanyezimira, kwina n'kozimirira. Pansi pa babu lija mbali zonse zinali chimodzimodzi. Nasingano anadula mkono wakumanzere nsalu itatembenuka, anaulumikiza, anasita, ndipo Ahedi anadzayesa pakampata pomwepo n'kuyamikira.

Anabweranso tsiku lotsatira mwambowo, diresi lili m'pepala. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwanangu, tatuluka panja pano." Anatambasula diresi padzuwa. Thupi lonse linkanyezimira, mkono wakumanja unkanyezimira, wakumanzere unali mbuu ngati wobwereka. "Ndinaima chonchi pamaso pa anthu, ndikupereka mphatso ndi mkono umenewu. Ana a kutsogolo ankagwirana pakamwa. Ine ndimakukonda, koma ngati maso ayamba kuvuta, kunena sikulakwa."

Anamusiyira diresi m'manja n'kumapita. Nasingano anaima pomwepo. Maso ake! Maso amene ankaona ulusi umodzi wothawa pamsoko munthu ali tsidya la msewu! Sipanatenge nthawi, aphunzitsi anasiya kubwera. Kenako makolo. Kunatsala ongobweretsa zipi yothyoka ndi mabatani.

Atamuuza mwamuna wake, iye anamva chisoni ndithu. Anagula babu lowala kwambiri. Anaika yekha, atakwera pampando, n'kutsika akumwetulira ngati wathetsa mlandu. Nasingano anathokoza mwaulemu. M'kati mwake munali moto wa mankhusu, wosaoneka lawi koma wosazima.

M'mawa mwake, Ndevu atanyamula chikwama chake cha zipangizo, Nasingano anayamwitsa mwana, anamugoneka, n'kukaima pamaso pa kanema. Anayang'ana bwino mmene padi inakhalira pashelefu, mbali imene chingwe chinapindikira. Ndiye anayatsa.

"Bambo ake ati ukamalizidwa," anayankhula ndi msilikali wopanda nkhope uja. "Chabwino. Ndikumaliza ine."

Masiku oyamba anavutika. Zala zazikulu sizinkamvana, akafuna kuti msilikali apite kutsogolo ankayang'ana kumwamba, akafuna kulumpha ankasolola lupanga. Anagwera m'maenje, anaphedwa ndi agalu, anamira pamadzi ofika m'mawondo. Koma munthu amene anaphunzira kupalasa ndi phazi kwinaku manja akuwongola nsalu sachedwa kuphunzitsa zala. Ndipo nthawi anali nayo yambiri, makasitomala kunalibe.

Hatchi ya m'khoma ija anaitenga ngati makina akakanirira pamsoko wochindikala. Sukankha, umathyola singano. Umabwerera pang'ono, n'kulowa chopendekera. Atatero hatchi inatulukira mbali ina ya khoma, n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika.

Kutsogolo kuja, kumene ankati kumakoma, anakuona yekha. Kunali chidikha chopanda kanthu, udzu wofanana, mitengo yofanana. M'midzi ya mugemumo anthu onse anali ndi nkhope imodzi, mwamuna, mkazi, wogulitsa, mfumu, ndipo onse ankanena mawu amodzimodzi. Ntchito zake zinali zotuma mwana: katenge chidebe kutsidya, bwera nacho, kabwezenso. Nthawi zina msilikali ankamira m'nthaka mpaka m'chiuno n'kumayenda choncho. Nthawi zina kanema ankangouma gwa, ntchito ya tsiku lonse n'kutayika. Wina akanaponya padi kukhoma. Nasingano ankadzuka, kukatsegula pepala lija, kuyang'ana mkono wa diresi la Ahedi, n'kubwerera kudzayambiranso. Mwana akadzuka ankamukhazika pamiyendo, iye n'kumawomba m'manja hatchi ikamira.

Dzuwa likapendeka ankazimitsa, kubweza padi pamalo pake, chingwe n'kuchipinda mbali yomwe ija. Ndevu akafika ankamulandira chikwama, kumupatsa madzi, ndiye n'kufunsa ndi mawu ozizira bwino:

"Lero simusewerako, bambo ake? Ine ndimakonda kuonerera."

"Ndatopa. Mawa."

"Pepani. Koma ndiye mwafika patali, eti?"

"Patali zedi."

"Ndinadziwa," ankatero Nasingano, akupinda malaya.

Anadutsa chipata ndi chipata mpaka tsiku lina masana anafika pa chomaliza, chija cha m'kakanema kotsatsa. Mwina chilombo cha maso amoto chinalipodi, mwina mwamuna wake ankanena zoona. Gemu inasunga pamene anafikapo, iye anadina batani, chipata chinatseguka. Anaonerera mpaka mapeto. Kenako anaseka. Anaseka mpaka misozi, atagwira m'mimba, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Atayesa kuyatsanso anapeza kuti gemu ikumubwezera kunja kwa chipata, chili chitsekere, ngati sichinakhudzidwe. Anachisiya choncho.

Mawa lake anakadikira mlamu wake pamene basi yake imaima.

"Alamu! Mwatuluka m'phanga muja? Ndimayesa achimwene anakusungani m'bokosi pamodzi ndi masipanala."

"Ndabwera ndi uthenga. Achimwene anu afika pachipata chomaliza."

"Bodza!"

"Akuchita manyazi kukuuzani, mukuwadziwa. Koma ine ndikuti chinthu anachidikira chonchi, asamalize okha. Bwerani Loweruka masana, muitane onse aja anabwera tsiku loyamba. Musawauze, tiwadzidzimutse."

Mlamu anamuyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi atalitsinzina. "Alamu, inu mukamayankhula mawu ambiri chonchi, ine ndimaopa."

"Mboni siopa," anatero Nasingano.

Loweruka anasesa, anakolopa, anawiritsa tiyi wambiri. Mwinjiro uja anauchapa n'kuusita mpaka kolala inaima ngati yamalata. Ndevu ankagwira ntchito theka la tsiku. Pofika anapeza nsapato zili mbwee pakhomo, m'nyumba muli phokoso, ndipo atangolowa onse anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Mwini zipata wafika!"

"Tinkakunenani, amwene, tikhululukireni!"

"Lero tichione chilombo!"

Ndevu anaima chikwama chili m'manja, pakamwa pali yasa. Mkazi wake anabwera mwaulemu, anamulandira chikwama, n'kumuveka mwinjiro pamapewa, akuwongola makwinya.

"Ndawauza kuti mwafika pachipata chomaliza, bambo ake. Ndalakwa?"

Panali njira ziwiri, ndipo Nasingano anaziona zikudutsa pankhope ya mwamuna wake. Akanatha kunena pamaso pa onse kuti ankanama, kuti hatchi yake ikadali m'khoma la koyambirira. Kapena akanakhala pansi n'kuyatsa, n'kuyembekezera kuti magetsi azima. Anakhala pansi. Thukuta linatsika m'ndevu. Kamzere kaja kanayenda, kanayenda, ndiye pakanema panatulukira msilikali ataima pamaso pa chipata chotalika ngati phiri.

Anzake anakuwa. Ndevu anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kukhomo la kampata. Nasingano anali pomwepo mwana ali m'manja, ndipo ulendo uno sanayang'ane paphewa. Anamuyang'ana m'maso, phee.

"Dinani, achimwene!" anatero mlamu. "Kapena tikuthandizeni?"

Anadina. Chipata chinatseguka ndi kulira kwa malipenga. M'kati munali chipinda chopanda kanthu, pakati pali mpando. Msilikali anayenda yekha, osamuwongolera, n'kukafika pampandopo. Pokhala anauphonya, anakhala m'malere pambali pake, miyendo ili lende. Nkhope inachokanso, kunatsala maso ndi mano. Kenako panabwera mawu olembedwa akuti nkhondo yolimbana ndi chilombo idzagulitsidwa payokha ikadzakonzeka, ndipo mayina a opanga gemu anayamba kukwera.

Wina anaika kapu pansi mosamala ngati pamaliro.

"Basi?" anafunsa wina wa kumbuyo.

"Dikirani," anatero mlamu, "mwina chilombo chapita kubafa."

Kuseka kunaphulika ngati paipi. Ena anagwa chagada, wina anatsamwa ndi tiyi. "Kutsogolo kumakoma!" anakuwa wina, onse n'kuyankha ngati kwaya, "Kumakoma!" Wina anagwira nsonga ya ndevu zija n'kufunsa ngati nazonso zidzagulitsidwa pazokha. Ndevu anangokhala, padi ili pamiyendo, akuyang'ana mayina akukwera.

Nasingano anadikira phokoso litsike. Kuyankhula pagulu kunkamuwumitsa lilime kuyambira ali mwana. Koma mawu awa anali atawayeza ndi kuwadula kalekale.

"Bambo ake, mwamaliza?"

Ndevu anaika padi pansi. "Ndamaliza."

"Alamu, mwamva?"

"Ndi makutu onse awiri!" Mlamu analumpha, maso akuwala, poti tsopano anali atamvetsa. "Achimwene, paja munati ndi manja anuwo. Anyamata, pasapezeke wothandiza. Munthu analumbira yekha."

Makina opalasa ndi achitsulo, salemera pang'ono. Ndevu anawakoka kuchokera pakampata atavala mwinjiro womwewo, ukumukola m'miyendo, anzake atapanga mpata uku ndi uku akuimba malipenga ndi pakamwa. Kanema anamuchotsa yekha n'kukamuika pakona. Nasingano anakwera pampando, anamasula katani, n'kuisiya igwe pansi. Dzuwa linalowa lonse nthawi imodzi, anthu anaphimba maso, fumbi linaoneka likuvina m'mwamba.

"Pang'ono kumanzere," anatero. "Ayi, mwapitirira. Bwezani. Apo."

Anthu atabalalika, Ndevu anakakhala pakhonde ndi kagalasi, sizasi ndi lumo. Ndevu zinagwa pansi mulu, ngati wameta mbuzi. Atalowa, mwana anamuyang'ana, anakwinya nkhope, n'kulira mokuwa akuthawira kumiyendo ya mayi ake. Chibadwire anali asanaonepo chibwano cha bambo ake. Bamboyo anaima pakati pa balaza, nkhope ili yaing'ono, yotuwa kumunsi, ngati ya mnyamata amene ankasewera gemu yoyamba ija ndi mng'ono wake. Nasingano anamva kachisoni kakumugwira pamtima. Anakasiya kakhale pang'ono, kenako anakumbukira Ahedi ataima padzuwa, ndipo kanapita.

"Pakhoma paja," anatero mwamunayo chapansipansi, "pamene hatchi imakanirira. Unadutsa bwanji?"

"Umabwerera pang'ono, n'kulowa chopendekera."

"Ndi zipata zonse zija? Wekha?"

"Nthawi ndinali nayo, bambo ake. Munandipatsa ndinu."

Mwamunayo anatola mwinjiro pampando, anaupinda, n'kufunsa kuti auike kuti.

"Ikani pamakinapo. Ndi nsalu yabwino."

Lolemba m'mawa anauyala patebulo, anaulemba ndi choko, n'kulowetsa sizasi kuyambira pakolala. Munatuluka chophimbira makina ndi timakabudula tiwiri ta mwana, ndipo zotsala anasunga zopukutira mafuta. Atatha anatsegula zenera mbali zonse, anatulutsa diresi lobiriwira lija, n'kuyamba kusomola mkono wakumanzere ulusi umodziumodzi. Kansalu kotsala kanalipo, kokwanira mkono umodzi ngati adula mosaphonya. Anakatembenuza padzuwa kawiri, kumaso, kumsana, ngakhale kuti kusiyana kwake kunkaoneka ndi patali.

Chakumasana Ahedi anadutsa mumsewu, chikwama chili m'khwapa. Atamva makina anachepetsa liwiro, anayang'ana zenera, anayang'ana nsalu yobiriwira ikuyenda pansi pa singano. Sanaime. Nasingano naye sanadzutse mutu, koma anaona phewa lawo likutembenukira kuzenera asanakhote pakona. Anapalasa mwamphamvu, kuti phokoso liwaperekeze mpaka kusukulu.